Makadi a Kambalame M'thumba la Jekete

Mwana wanga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri ndipo salankhula ndi pakamwa. Ndayambira pamenepa dala, chifukwa anthu amakonda kunena zimenezi monong'ona ngati uthenga wa maliro, pomwe ine ndimazinena masana dzuwa likuswa mtengo. Timamutchula Kambalame, poti akakondwa amakupiza timanja take ngati akufuna kuuluka. Ali ndi otizimu. Sakudwala, sanalodzedwe, ndipo palibe chimene ndinalakwitsa ndili ndi pakati pake, ngakhale bambo ake anaumirira kuti chilipo, n'kulongedza sutikesi mwana asanakwanitse zaka zitatu. Ubongo wake umalandira phokoso, kuwala ndi anthu mwanjira yakeyake, basi.

Mawu ake amayenda nawo m'chiuno. Ndi makadi a zithunzi okutidwa ndi pulasitiki, okolowekedwa pa mphete yachitsulo yonga ya makiyi. Lilipo la madzi, la njala, la chimbudzi, la kunyumba, ndi lina la mwana atatseka makutu, lotanthauza kuti phokoso landikwana, ndichotseni pano. Akafuna chinthu amafufuza khadi lake n'kukukanikiza nalo m'dzanja. Anamuphunzitsa zimenezi ndi aphunzitsi ake, mayi wamfupi wa magalasi amene amaphunzitsa ana a zosowa zapadera pa sukulu ya pafupi ndi kwathu. Zinatitengera chaka chathunthu. Tsiku limene Kambalame anandipatsa khadi la madzi m'malo modzimenyetsa mutu kukhoma, ndinalira mpaka madzi a m'kapu kutayikira pansi.

Pa mphete imeneyo anthu tinalipo atatu okha: ine, aphunzitsi, ndi Magetsi.

Magetsi si dzina la pa chiphaso chake, ndi ntchito yake. Anabwera ku saluni yanga kudzakonza soketi ya chowumitsira tsitsi. Kambalame anali pakona, zala m'makutu, akulira monga ankachitira masana alionse akaweruka. Makasitomala anali atazolowera kundilangiza, uyu akuti kamutsineni, uyo akuti mwamulekerera. Magetsi sanalangize munthu. Anangoima phee, mutu atapendeketsa, kenako anakwera pa makwerero n'kuzula getsi lalitali la chubu limene linali pamwamba pa kalilole. Mwana anatonthola pomwepo.

"Getsi ili limalira," anatero. "Inu simulimva, koma ine ndimalimva, ndipo mnzangayu akulimva kuposa ine."

Mnzangayu! Miyezi isanu ndi itatu ndinali nditakhala pansi pa getsi limenelo osadziwa kanthu. Mukanakhala inu mukanatani naye mwamuna wakumva zimene mwana wanu akumva? Ine ndinamukonda asanatsike n'komwe pa makwerero. Patatha chaka aphunzitsi anamujambula chithunzi, n'kuchikuta ndi pulasitiki, n'kuchiboola pakona. Magetsi analandira khadilo ndi manja awiri kuti alione, ndipo ananena kuti ngakhale satifiketi ya ntchito yake sanainyadire choncho.

Ndafotokoza zonsezi kuti mumvetse chifukwa chake zimene anachita Loweruka lija zikundiwotchabe mumtima.

*

Nkhani yokaonekera kwa amayi ake anaiyambitsa yekha. Ine ndinali ndi funso limodzi lokha.

"Wawauza za Kambalame?"

"Ndawauza."

"Zonse?"

"Iwe, ndati ndawauza. Ukufuna ndichite kusainira?"

"Ndikufuna undiyang'ane m'maso."

Anandiyang'ana, n'kundipsompsona pachipumi, ndipo ine kupusa kwanga ndinayesa kuti limenelo ndi yankho.

Kambalame sapita malo achilendo modzidzimutsidwa. Aphunzitsi ali ndi njira yawo, ndipo tinaitsatira milungu iwiri yathunthu. Magetsi anajambula geti la kwawo, pabalaza, ndi amayi ake atakhala pa sofa. Kunyumba tili ndi kabolodi kokhala ndi timatumba tiwiri, kamodzi kolembedwa kuti choyamba, kena kolembedwa kuti kenako. Madzulo alionse tinkaseweretsa zithunzizo. Choyamba galimoto, kenako geti lobiriwira. Choyamba moni, kenako bisiketi. Pofika Lachisanu mwana ankasanja yekha zithunzizo n'kumakupiza manja.

"Makadi asachoke m'chiuno mwake," anandichenjeza aphunzitsi tsiku limenelo nditapita kukamutenga. "Kumalo achilendo ndiye amawafuna kwambiri. Ndipo wina akakufunsani kuti akudwala chiyani, musalimbane naye. Mungomuuza kuti sakudwala, ndi mwana wofunika thandizo lapadera kuti aphunzire ndi kumvana ndi anthu, ndipo thandizolo ndi limeneli."

"Nanga akanena mawu aja?"

"Ati?"

"Mukuwadziwa inu. Chitsiru. Wozerezeka."

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya bulawuzi. "Mukawauze dzina lake. Mwanayu anayamba kukhala ndi dzina asanakhale ndi china chilichonse."

Loweruka m'mawa uthenga wa Magetsi unalowa pa foni. "Ndanyamuka. Mutchene nonse awiri, mfumukazi ndi kamfumukazi." Ndikumwetulirabe, unalowa wina. "Kodi makadi aja sangalowe m'chikwama chako? Angaononge maonekedwe a diresi."

"Makadi saononga diresi," ndinayankha.

Ananditumizira kankhope koseka. Inenso ndinaseka, osadziwa kuti munthu wandiululira kale zimene zili mumtima mwake.

*

Kambalame analizindikira geti lobiriwira tili patali, ndipo anakupiza manja mpaka kumenya galasi la galimoto. Potsika, mphete ya makadi inakodwa ku lamba wa mpando. Magetsi anatambasula dzanja n'kuimasula m'chiuno mwa mwana.

"Ndigwirizira, tsikani kaye."

Manja anga anali ndi keke ndi chikwama. Geti linatseguka, malonje anayamba, ndipo sindinafunsenso. Kulakwa kumeneko n'kwanga ndipo ndikukuvomera.

Amayi a Magetsi ndi aatali, olankhula mofatsa ngati munthu amene sanatsutsidwepo chibadwire. Pabalaza panali makatani olemera, kabati yagalasi yodzaza matambula amene samweramo munthu, ndi wailesi yakanema ikufuula nyimbo za kwaya. Tisanakhazikike n'komwe, kukhitchini kunatuluka mkazi atanyamula thireyi ya tiyi, atavala epuloni ya m'nyumbamo. Ndinamudziwa asanamutchule. Anali Namwino, mwana wa mnzawo wa amayiwo, amene akhala akumusungira Magetsi kuyambira kalekale. Mlendo wongobwera kudzacheza savala epuloni, ndipo sadziwa kumene kumakhala shuga.

"Uyu ndi mwana wanga wa m'nyumba muno," anatero amayi. "Ndi namwino ku chipatala chachikulu."

"Ndamva zambiri za inu," anatero Namwino, maso ali pamutu panga. "Mumaluka tsitsi, eti? Ntchito yabwino, siifuna sukulu yambiri."

Ndinangomuleka. Sindinabwerere iye.

Amayi anatembenukira kwa mwana. "Nanga iwe, agogo suwapatsa moni?"

Tinali titakonzekera. Panali khadi la dzanja lokwezedwa m'mwamba, ndipo Kambalame ankalidziwa bwino. Anapapasa m'chiuno. Munalibe kanthu.

"Ndi wamanyazi, monga ndinakuuzani muja," Magetsi anafulumira kuyankha.

Milungu iwiri ya zithunzi, chaka chathunthu cha khadi lake pa mphete, ndiye zonse zimene anawauza amayi ake n'zakuti mwana wanga ndi wamanyazi!

"Makadi," ndinamunong'oneza.

"Ndawaiwala m'galimoto. Ndikatenga pompano."

Sanadzuke. Anatenga kapu ya tiyi n'kuyamba kufunsa amayi ake za mpope wodontha wa kubafa.

Kambalame anapapasanso m'chiuno, anakweza diresi, anasuzumira pansi pa sofa. Anayamba kung'ung'udza, thupi likupita kutsogolo ndi kumbuyo. Ndinkadziwa khadi limene ankafuna, lija la mwana wotseka makutu.

"Amayi, chonde, tingatsitseko wailesiyi pang'ono?"

"Nyimbo za Mulungu zimenezi. Zimamupweteka?"

"Phokoso ndi limene..."

Sanandidikire kuti ndimalize. Anawerama n'kumugwira mwana chibwano ndi zala ziwiri. "Tandiyang'ana kuno, wamkulu akamalankhula umayang'ana."

Kambalame anakuwa. Amene sanamvepo kukuwa kumeneko sangakumvetse. Si kwa mwana wofuna switi, ndi kwa munthu amene watsekeredwa. Anadzigwetsa pansi, mwendo unamenya tebulo, thireyi inagudubuka. Tiyi anamwazikira pa kapeti ndipo makapu awiri anasweka.

"Mayo ine!" amayi anaimirira atagwira pamtima. "Kamwana kopanda mwambo! Kodi n'kabwinobwino kameneka?"

Namwino sanadzidzimuke ngakhale pang'ono. Anapinda manja n'kutulutsa mawu aja amene amalankhulira m'wodi.

"Amayi, khazikani mtima pansi, ndi matenda a mutu amenewa. Ine ndinaona atangolowa. Otere sachira, ndipo zimayenda m'magazi." Apa anayang'ana pamimba panga, kenako anayang'ana Magetsi. "Alipo malo amene amasungako otere, kuti makolo apumeko."

Ndinali nditagwada pa kapeti yonyowa, nditatchinga mutu wa mwana wanga ndi manja kuti usamenye mwendo wa tebulo. Aphunzitsi anati ndisalimbane ndi munthu. Andikhululukire.

"Achemwali, ntchito yanu ndimailemekeza, koma apa mwanama. Sakudwala, ndiye palibe choti achire. Ali ndi otizimu. Za magazi kafunseni amene anamuyeza miyezi itatu, inu mwamuona mphindi khumi. M'mawa uliwonse amakhala m'kalasi ndi anzake, masana amaphunzira ndi aphunzitsi ake apadera, ndipo manambala amasanja mpaka zana osalakwitsa. Otere mukunenawo ali ndi dzina, ndi Kambalame. Akukuwa chifukwa walandidwa pakamwa." Ndinatembenuka. "Magetsi, kiyi wa galimoto."

Magetsi anaimirira mofulumira, jekete n'kugwedezeka. Ine sindinamve kanthu. Koma mwana amene amamva getsi likulira sangalephere kumva pulasitiki ikukhudzana ndi chitsulo. Kukuwa kunaduka. Kambalame anadzuka, misozi ili chuchuchu, anayenda molunjika kwa Magetsi, n'kupisa dzanja m'thumba la mkati la jekete. Anatulutsa mphete ya makadi.



Anayamba kutsegula makadi. Anadutsa la madzi, anadutsa la chimbudzi, anaima pa la kunyumba. Ndinatambasula dzanja, koma sanabwere kwa ine. Analikanikiza m'dzanja la Magetsi, poti kwa chaka chonse ndi iye amene amamutengera kunyumba. Anapempha thandizo kwa munthu yemweyo amene anamubisira mawu.

"N'chiyaninso chimenecho?" anafunsa amayi.

Magetsi anayang'ana pansi.

"Ndi mawu ake, amayi," ndinayankha ine. "Akuti akufuna kupita kwawo. Inenso chimodzimodzi."

*

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinamenyetsa geti n'kukakwera basi. Sizinatheke. Mwana anali atapempha Magetsi, ndipo pa kabolodi tinali titasanja kuti kenako galimoto. Kusinthanso pamenepo kukanakhala kumulanga kachiwiri. Ndiye tinakwera, Kambalame kumbuyo atakumbatira makadi ake, ndipo poti iye sapirira mawu okweza, mkangano waukulu wa moyo wanga ndinauchita monong'ona.

"Ndimafuna amukonde kaye," anatero Magetsi, maso ali pamsewu. "Zinazo ndikanawauza pambuyo."

"Amukonde ndani? Mwana wamanyazi uja unawapekera? Ameneyo kulibe."

"Suwadziwa amayi anga iwe. Akanaona makadi pa geti sitikanalowa n'komwe."

"Bwenzi titabwerera pa geti pomwepo, mwana ali ndi mawu ake."

"Linali ola limodzi lokha."

"Ola limodzi lokha! Tandiuza, nditakumata pakamwa ndi tepi yako yakuda ija, m'nyumba ya eni, wailesi ikukuboola makutu, munthu wosamudziwa atakugwira chibwano, ungati ndi ola limodzi lokha?"

Anasintha giya pamene panalibe chifukwa.

"Ndipo unanama," ndinapitiriza. "Unandiyang'ana m'maso n'kunama kuti ali m'galimoto, ali pachifuwa pako. Mwana akuwafufuza pansi pa sofa, iwe ukukamba za mpope."

"Ndinachita mantha."

"Mantha kapena manyazi?"

"Usatero. Ukudziwa mmene ndimamukondera mwanayu."

"Umamukonda ku saluni, kumene kulibe amayi ako. Nanga mkazi uja pamene amanena za malo osungirako ana, iwe unali kuti? Lilime linapita kuti?"

"Mutu unaima."

"Bambo ake a mwanayu anathawa poyera, ananyamula sutikesi aliyense akuona. Iwe wathawa uli pampando."

Zimenezo zinamulasa, ndinaona nsagwada zake zikulimba, ndipo sindinamve chisoni. Titafika anafuna kutsika kuti atiperekeze pakhomo. Ndinamuuza kuti asavutike. Kambalame anamuonetsa khadi la dzanja lokwezedwa, limene amagwiritsanso ntchito potsanzika, ndipo Magetsi anabisa nkhope pa chiwongolero.

*

Dzuwa lisanalowe mauthenga anali atafika khumi ndi awiri. "Pepa." "Ndalakwa, ndikudziwa." "Yankha foni ngakhale unditukwane." "Ndilankhula nawo amayi, ndiwauza zonse." Sindinayankhe ngakhale umodzi. Kenako unalowa wina wochokera pa nambala yachilendo.

"Musadandaule za makapu, ndatola ndipo kapeti ndachapa. Amayi magazi akwera koma ndikuwasamalira. Inu limbikirani za mwana wanu, ukwati si wa aliyense."

Nambala yanga anaipeza kuti? Ndinauwerenga katatu, m'mutu mukutentha. Kambalame anali m'bafa akusewera ndi thovu, mphete ya makadi ili pa mpando. Ndinaitenga, ndinaikanula ndi chikhadabo mpaka chinathyoka, n'kusolola khadi la Magetsi. Ndinaliponya m'dirowa ya zipeso zakutha n'kutseka mwamphamvu. Ndinamva bwino, ndisaname.

Lamulungu lonse mwana sanalire. Anakhala pa mkeka wake pafupi ndi zenera n'kumatsegula makadi kuyambira loyamba mpaka lomaliza, akamaliza n'kuyambiranso. Chakudya anangochilawa. Ndinadziuza kuti ndi kutopa kwa dzulo.

*

Lolemba masana nditapita kukamutenga, aphunzitsi sanandipatsire mwana pakhomo monga mwa masiku onse. Anandiitanira mkati. Chipinda chawo n'chaching'ono, chili ndi mapilo pakona, makatani osalowetsa dzuwa lambiri, ndi mashelefu a mabokosi olembedwa dzina la mwana aliyense. Mulibe getsi la chubu ngakhale limodzi, chifukwa Magetsi anawasintha onse Loweruka lina chaka chatha. Ndinayesetsa kusayang'ana kudenga.

"Makadi analipo makumi anayi ndi limodzi," anatero aphunzitsi. "Lero alipo makumi anayi. Wakhala akuwatsegula tsiku lonse, sanagwire ntchito iliyonse."

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa geti mpaka uthenga wa Namwino. Ndinafotokoza mokoma, monga amachitira munthu wodziwa kuti mlandu ndi womukomera. Anamvetsera osandidula.

"Analakwa kwambiri," anatero pomaliza. "Ndikanakhalapo ndikanamukoka khutu pamaso pa amayi ake omwewo. Ndipo namwinoyo akufunika abwere adzakhale nafe sabata imodzi muno, aphunzire kulankhula za ana a anthu."

"Mwaonatu!"

"Ndaona. Nanga khadi lili kuti?"

"Ndachotsa. Munthu ameneyo sitikumufunanso."

"Simukumufuna inu ndi ndani?"

Kenako aphunzitsi anapitiriza.

"Mayi, chibwenzi n'chanu. Muthetse, musathetse, ine sizikundikhudza. Koma mphete ija si yanu. Magetsi anamulanda mawu onse kwa ola limodzi, inu mwamulanda liwu limodzi kwa masiku awiri. Akafuna kufunsa kuti munthu uja ali kuti, afunsa bwanji? Akafuna kukuuzani kuti wamukwiyira, kapena kuti wamusowa, anena ndi chiyani?"

"Musandifanizire ndi iye! Ine ndimamuteteza."

"Nayenso akutero."

Ndinaimirira, chikwama chili m'manja. Zaka zinayi ndalera mwanayu ndekha, ndamenyana ndi madalaivala a basi, ndi anansi, ndi abale anga omwe, ndiye lero ndiikidwe m'gulu limodzi ndi munthu wobisa makadi m'jekete? Ndinapsa mtima kwambiri, makamaka chifukwa ndinkadziwa kuti akunena zoona.

"Khalani pansi," anatero mofatsa. "Ngati wachokadi pa moyo wa mwanayu, ilipo njira yomuuzira, pang'onopang'ono, khadi lili m'manja mwake. Ndikuthandizani. Koma sitibisa, chifukwa mwana akaona kuti mawu ake amasowa akulu akakwiya, asiya kuwakhulupirira, ndipo tibwerera kumene tinachokera kuja, kukhoma."

Ndinakhala pansi. Ndinakumbukira kachipsera kali pachipumi pa mwana wanga, pansi pa tsitsi.

"Chinanso," anawonjezera akutsegula fayilo. "Lachinayi tili ndi msonkhano wounikanso ndondomeko ya maphunziro ake, pepala lija timalembapo zimene akuyenera kufikira teremu ino ndi thandizo limene aliyense wa ife apereke. Pa fomu munalemba kuti mubwera anthu awiri. Ndiike mipando ingati?"

"Ndikuuzani mawa."

*

Titafika kunyumba sindinavule n'komwe nsapato. Ndinatsegula dirowa ya zipeso, ndinatulutsa khadi, ndinalipukuta ndi siketi. Magetsi anali momwemo, akumwetulira ndi dzino lake lobenthuka, pensulo ili kukhutu. Ndinagwada pa mkeka.

"Pepa, mwanawe. Amayi ako ndi amene anatenga."

Kambalame sanandiyang'ane, iye sayang'ana anthu m'maso. Analanda khadilo n'kuligwira pafupi ndi nkhope nthawi yaitali. Kenako timanja tija tinayamba kukupiza, koyamba chichokereni ku geti lobiriwira. Anathamangira pa kabolodi. M'kathumba ka choyamba anaikamo Magetsi. M'kathumba ka kenako anaikamo chithunzi cha galimoto. Anakatenga nsapato zake, anavala yekha mosemphanitsa, anabwerera kukatenga khadi lija, n'kukaima pakhomo.

Sindinamukhululukire Magetsi, mundimvetse bwino. Mkwiyo unali pomwepo, wathunthu. Koma mwana anali atafunsa, momveka kuposa mmene ena amafunsira ndi pakamwa, ndipo funso limafuna yankho. Ndinakonza mawu mumtima. Ndimuuza kuti abwere, apepese kwa mwana osati kwa ine, Lachinayi akakhale pa mpando wachiwiri uja, ndipo akatenge amayi ake adzaone okha chipinda cha aphunzitsi. Zachikondi tikambirana zikatha zimenezo.

Ndinaimba. Foni inaitana kanayi.

"Halo?" Anali mawu a mkazi, aja a m'wodi.

"Ndikufuna mwini foni."

"Aa, ndinu a ku saluni? Pepanitu, sangathe kulankhula. Amayi tinawagoneka m'chipatala dzulo masana, m'wodi yanga. Magazi anakwera kwambiri atangoyamba kuwauza za makadi anuwo. Iye ali pambali pa bedi, sanachokepo, ndiye foni wandisungitsa ine."

"Mupatseni. Mphindi imodzi yokha."

"Adokotala akuti amayi asamve chilichonse chowakhumudwitsa. Ndipo amayi amupempha chinthu chimodzi chokha chokhudza inuyo, wawalonjeza atawagwira dzanja, ine ndili pomwepo." Anapumira kaye, kuti zindilowe bwino. "Ndimuuze kuti munaimba, kapena tingozisiya?"

Foni inaduka ndisanayankhe. Ndinaimbanso, inali yozimitsa.

Kambalame anali chiimire pakhomo, nsapato zosemphana, khadi lili m'manja. Kunja kunadutsa galimoto, anapendeketsa mutu kumvetsera, n'kuzindikira kuti si imeneyo. Anatembenuka, anabwera pamene ndinakhala, anatsegula dzanja langa n'kukanikizamo nkhope ya Magetsi. Anadikira.

Ndinatenga mphete m'chiuno mwake n'kuyamba kutsegula makadi, la madzi, la njala, la chimbudzi, la kunyumba, mpaka lomaliza. Panalibe ngakhale limodzi loti ndimuyankhe nalo.